Mng'alu wa Pabalaza Pathu

Amuna anga, a Chabwera Mbewe, anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ngati pali anthu ouma mutu kuposa amisiri omanga, ine sindinakumane nawo. Dokotala amatha kuvomera kuti matenda amukanika. Mmisiri ayi. Khoma lake likapendama, amati maso ako ndiwo apendama.

Nyumba yathu ya m'komboni ya Kanyama anaimanga okha, buloko ndi buloko, akaweruka ku ntchito. Puloti yake inali pawiri. Kutsogolo kunali thanthwe loyera lija lili ponseponse mu Kanyama, kumbuyo kunali dzenje lakale momwe azimayi ankakumba miyala yophwanya. Pamene ife tinkafika, dzenjelo linali litadzaza ndi phulusa, mapulasitiki, nsapato zakutha ndi zonse zomwe komboni imataya, pamwamba patamera bonongwe wonenepa. A Chabwera anapondaponda ndi jombo, nati zinyalala zikakhalitsa zimasanduka dothi. Choncho theka la nyumba linakhala pamwala, theka linalo padzala, ndipo malire ake anadutsa pakati penipeni pa balaza.

Musawaseke msanga. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzasaka ntchito kuno kunja kwa dziko lawo, natchona konkuno mpaka imfa. Anafera m'kachipinda ka lendi ku Matero, ndipo mwini nyumba anakana kuti bokosi lilowe m'nyumba mwake, ati alendi ena angathawe. Maliro anachitikira panja, pafupi ndi chimbudzi. A Chabwera anali wachinyamata pamenepo, koma chinthucho chinawakhala pamtima moyo wawo wonse. Kumudzi analibe, ku Dedza sanafikeko n'komwe. Ankanena kawirikawiri kuti iwo bokosi lawo lidzagona pasimenti yawoyawo, ndipo palibe galu amene adzawauze kuti tulukani.

Mng'alu unayamba chaka chomwe mwana wathu Emelda anayamba sukulu. Unali kamzere chabe, ngati ulusi wogwa pansi, kuchokera pakhoma la kumpoto mpaka la kumwera. Mvula itatha, a Chabwera anausema ndi tchizulo, nathiramo simenti, nasalaza bwinobwino. Dzinja lotsatira unang'ambikanso, pakati penipeni pa chigamba chija. Anamatanso. Chinakhala chizolowezi cha pakhomo pathu, monga ena amapentera nyumba Khirisimasi ikayandikira.

Ndiye poti munthu wa maganyu sasankha, utoto wosakaniza m'simenti ankagwiritsa ntchito womwe watsala kumene akumanga chaka chimenecho. Chaka china wofiira, china wobiriwira, china wakuda, china wachikasu. Chigamba chilichonse chinkang'ambika pakati, theka uku theka uko, chatsopano n'kulowa pakati pawo. Patapita zaka, pabalaza pathu panali mizeremizere ngati chitenje, mbali iyi kufanana ndendende ndi mbali iyo. Alendo ankayesa n'zokongoletsa dala. Mkazi wa a Kunda, aneba athu, anafika povutitsa amuna ake kuti nayenso akufuna zoterezi. Ine ndinkapakapo polishi Loweruka lililonse, ndipo sindinama, ndinkanyadira.

Emelda anali mwana wathu mmodzi yekha, ndipo anabadwa ndi matenda otola miyala. Ndikamachapa yunifolomu yake, matumba ankakhala olemera. Atafika ku yunivesite anasankha maphunziro a miyala ndi nthaka, bambo ake n'kumamuseka kuti amayi a mu Kanyama amaphwanya miyala tsiku ndi tsiku popanda digiri. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anapita ku South Africa kukapitiriza maphunziro, ndipo kumeneko anakwera sitima ya akatswiri ofufuza za pansi pa nyanja yamchere. Mwana wa dziko lopanda nyanja yotere, amene madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a chigumula cha mu Kanyama! Anabwerako mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, atatenga ntchito yophunzitsa ndi kachinyumba ka lendi ku Kalingalinga.

Anatiyendera Lamulungu masana titabwera ku tchalitchi. Ine anandipatsa nsalu. Bambo ake anawapatsa mwala wakuda bii, wokwana m'dzanja, mbali imodzi yonyezimira ngati botolo losweka. Anati unali wotsala pa yomwe anavuula ndi sitima ija, ndipo akuluakulu ake anamulola kutenga.

"Iwe, wayenda mutunda wonse uja kunibweletsela mwala?" anatero a Chabwera, koma maso ali ng'aning'ani, akuutembenuza.

"Uyu mwala ni mwana, Badadi," anatero Emelda. "Miyala ya muno mu Kanyama ni nkhalamba za kudala maningi. Uyu wachoka pamene ziko ipangika manje."

Anatsegula laputopu patebulo, natiwonetsa kanema wojambulidwa ndi makina omwe anawatsitsa ndi chingwe. Munali mdima, kuwala kwa nyali ya makinawo kokha, ndi miyala yakuda yobulungira itaunjikana ngati mapilo.

"Pansi pa nyanja pali mapili, mulaini umozi utali, uzunguluka ziko monga musoko wa pa bola," anatero. "Pakati pa mapili pali mung'alu. Mbali iyi iyenda uku, mbali iyo iyenda uko."

"Iyenda bwanji nthaka? Ili na mendo?"

"Pang'ono pang'ono, Badadi, monga mwamene vikulila vikhadabo, kwina kuchepela apo. Manje pamene yapatukana, mwala wosungunuka uchoka pansi, ukwela, ukumana na manzi yozizila, wauma pamene apo. Wa manje unkhala pakati. Wa kudala usendela kumbali."

Anafotokoza zambiri, ine ndinagwirako zina. Ati mapiriwo ndi aatali pakatipo chifukwa mwala ukadali wotentha, ndi wofufuma, koma ukamasendera kutali umazizira, n'kulemera, n'kutsika. Ati m'mwalamo muli tizitsulo tomwe timaloza kumpoto pa nthawi yomwe ukuuma, ndipo mphamvu yomwe imakoka muvi wa kampasi yakhala ikutembenuka kambirimbiri chiyambire dziko. Apa ndinangoti kaya. Koma ati ndi mmene akatswiri anadziwira kuti pansi pa nyanja pakutambasuka: atayeza, anapeza mizeremizere, ya mbali iyi kufanana ndi ya mbali iyo. Anatsegula chithunzi cha mizereyo, yopakidwa mitundu kuti iwoneke.

Kenaka china chinamukoka. Maso ake anachoka pa laputopu n'kugwa pansi, pomwe anakulira akukwawa ndi kusewera, pomwe anapaona moyo wake wonse osapaona. Anakankha tebulo, nakulunga mkeka, nagwada. Anayendetsa chala kuchokera kunja kubwera pakati. Mizere yakale inali yopyapyala ngati chingwe cha nsapato. Ya zaka zaposachedwa inali ngati zala ziwiri, ina zitatu.

"Badadi," anatero. "Iyi nyumba iyenda."

A Chabwera anayang'ana chithunzi, nayang'ana pansi, nayang'ananso chithunzi. Ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndipo mtima wanga unagwa, chifukwa nkhope imeneyo ndinkaidziwa.

"Bamake Emelda, mwaona?" anatero kwa ine, akumenya ntchafu. "So Mulungu naye ni bilikileya, womanga manyumba! Amata mung'alu wake monga ine. Iwe Emelda, amata kuchokela liti?"

"Vaka mamiliyoni. Koma Badadi..."

"Manje yagwa? Nyanja yathila pansi?"

"Sivilingana! Kuja pansi pali moto wamene utuma mwala watsopano, nthaka yonse ili na chogonela. Pano pansi pali mapulasitiki na manzi ya mu matoileti. Hafu ya kumbuyo itelelela mu chimugodi. Simenti yanu siigwila kanthu, ingozaza chabe pamene patseguka. Ndiye chifukwa chitseko cha ku bedilumu simuleka kuchipala m'mbali kuti chitsekeke. Ikabwela mvula ikulu, chipupa cha kumbuyo chizagwa."

"Moto wa pano ndine," anatero a Chabwera, akudziguguda pachifuwa. Anatenga mwala wakuda uja nauika pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wathu.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani inali imodzi: kuwatulutsa a Chabwera m'nyumbamo mvula isanakule. Emelda anabwera ndi mnzake wodziwa za zomangamanga, amene anazungulira kuseri, naona khoma litafufuma, nanena zomwezo. A Chabwera anamufunsa ngati anagwirapo fosholo. Anabwera abusa. A Chabwera anawawonetsa mwala uja n'kuwalalikira iwowo za Mulungu mmisiri, mpaka abusa anapempha madzi akumwa n'kutsanzika. A Kunda, mnzawo wa nsolo, anayesa mwanthabwala, anayesa mwaukali. Zinthu zinaipiratu, chifukwa kale ankangomata mwamwambo chabe, koma tsopano anali ndi umboni wochokera pansi pa nyanja. Aliyense wodutsa ankaitanidwa kudzaona mizere ndi kumva za mapiri a m'madzi. Ankafotokoza bwino kwambiri, moti Emelda atawamva tsiku lina anatuluka panja kukalira.

"Ninawapatsa neka mau yonikanila nayo, Bamami," anandiuza.

Ine ndinakwiya, ndipo ndikunena poyera, ndinawakwiyira amuna anga mpaka kusafuna kumva kutsokomola kwawo. Tsiku lina ndikusesa kuchipinda, ndinagwetsa ndimu, n'kuona likugubuduka lokha mpaka kukhoma la kumbuyo. Ndinawaitana kuti aone. Anati ndimulo ndi lobulungira, lingalekerenji kugubuduka.

"Batate bake Emelda, tiyeni ku Kalingalinga, mpaka mvula isile chabe," ndinawachonderera. "Mu Epulo tizabwela."

"Ku lendi? Nikagone mu nyumba ya munthu, pa ukulu wanga uno? Nikachoka muno, ndani azamata? Nyumba yosiya ndiye imagwa."

"Muzafela muno."

"Ndiye vamene ninaimangila," anatero, osaseka.

Mu Januwale mvula inayamba kugwa mosapumira, ndipo Kanyama anachita zomwe amachita chaka chilichonse. Madzi saiwala khwawa. Thanthwe la kwathu silimwa madzi msanga, ndiye amangoima m'misewu, zimbudzi n'kusefukira, anthu n'kumayenda pa miyala ndi matayala oyalidwa. Mng'alu sunadikire kuti dzinja lithe. Unatseguka mpaka kulowa dzanja. Ine ndinamanga katundu wanga n'kupita kwa Emelda. Nzeru yanga inali yoti munthu amene sanaphikepo ngakhale tiyi sangathe sabata ali yekha, njala idzamubweretsa. Koma amene analephera kupirira ndine. Tsiku lachitatu ndinali kale m'minibasi ndi kontena ya chakudya pamwendo, ndipo kuyambira pamenepo ndinkapita masana alionse, n'kumabwerera ndisanakhale pansi m'nyumbamo.

Tsiku lomwe zinachitika, mvula inali itagwa kuyambira dzulo lake. Minibasi inatitsitsira kutali, dalaivala ati sangaphe injini yake. Ndinavula nsapato, ndinakwinya chitenje, n'kulowa m'madzi ofika m'mawondo. Kuseri kwa nyumba yathu, pomwe panali dzala paja, panali dziwe, ndipo pakati pake pankatuluka thovu. Amati tsoka silinunkha, koma lathuli linkanunkha kuchokera kumsewu.

Ndinawapeza atagwada pabalaza, thalauza atapinda, beseni la simenti pambali. Mipando anali ataikankhira kutsogolo. Pakhomo anali atamangapo kakhoma kotchinga madzi a panja, ndipo kanagwiradi ntchito, poti mmisiri anali mmisiri ndithu. Koma madzi sankalowera pakhomo. Ankatumphuka mumng'alu, akuda, kuchokera pansi, n'kumakankha simenti yomwe iwo ankathira. Akathira apa, yatuluka apo. Manja awo anali atayera ndi kutuwa chifukwa cha simenti.

"Mwaona, Bamake Emelda?" anatero osadzutsa mutu. "Vichokela pansi, monga mwamene anakambila mwana."

"Ni manzi ya mu chimbuzi ayo! Tulukani!"

"Nisilize chabe apa pakati. Ikagwila apa, kwasila."

Khoma la kumbuyo linalira, kulira kwa mtengo wouma ukamathyoka pang'onopang'ono. Fumbi linagwa kuchokera pamwamba pa chitseko cha kuchipinda. Ndinataya kontena, ndinawagwira mkono n'kukoka. Anali okalamba koma mkono unali wa munthu wonyamula mabuloko. Anandichotsa mosavuta, mwaulemu, monga umachotsera mwana pamoto.

"Imwe yendani panja, muzanyowa na vinyansi," anatero. "Nibwela."

Amenewo ndiwo mawu otsiriza omwe anandiuza. Ndinathamanga kukaitana a Kunda kuti tidzawanyamule mokakamiza, afune asafune. Ndinali ndisanafike pageti la a Kunda pamene ndinamva kumbuyo kwanga chiphokoso, osati chachikulu monga mungaganizire, kungoti khuuu, kenaka malata. Nditacheuka, theka la nyumba kunalibe. Khoma la kuchipinda linali litagwera pabalaza, la kumbuyo litamira m'dzenje pamodzi ndi bedi lathu. Theka la kutsogolo linaima chilili pathanthwe lake, makatani ali pawindo.

Anthu a m'komboni anabwera ndi mafosholo ndi manja. Anawatulutsa mvula ikugwabe. Sanavutike nthawi yaitali, anatero a Kunda, ndipo ndasankha kuwakhulupirira.

Ndiye panabuka nkhani ya kumene anthu akasonkhane pa maliro. Mwini nyumba ya Emelda ku Kalingalinga, munthu wabwino ndithu, anati tikhoza kumanga tenti pabwalo pake. A kutchalitchi anagwirizana nazo, ati bokosi lichoke ku mochale, lipite ku tchalitchi, kenaka kumanda, monga amachitira onse m'tauni masiku ano. Ine ndinakana. Ndinati bokosi liyambe lafika ku Kanyama. Anandiuza kuti galimoto singalowe. Ndinati anyamule pamapewa. Anandiuza kuti nyumbayo kulibe. Ndinati theka lilipo. Anayang'anana, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti kuuma mutu n'kopatsirana. Mwina n'zoona.

M'mawa wa tsiku loika maliro, ine ndi Emelda tinapita kukakonza. Mnzake wa zomangamanga uja anali atayendera mbali yotsalayo n'kunena kuti ili pamwala, siisuntha. Amuna a m'komboni anali atachotsa mabuloko ogumuka. Tinakolopa matope. Simenti ya pabalaza inathera pamng'alu, kutsogolo kwake kunali phompho ndi madzi. Mizere ya mbali yathu inalipo yonse, wofiira, wobiriwira, wakuda, wachikasu, koma inzake inali pansi pa dzenje. Bambo ake ankaidziwa pamtima, ndipo nanenso ndinapezeka ndikuitchula kwa Emelda: wobiriwira uwu ndi chaka chomwe unakhoza giredi seveni, wachikasu uwu ndi chaka cha kolera, wakuda uwu unali utangopita ku yunivesite.

Emelda ndiye anauona. M'mphepete penipeni, pa simenti yomaliza yomwe inakanirira kumbali yathu, panali mwala wakuda uja, mbali yonyezimira ili kumwamba. Bambo ake anali atautsitsa pakabati n'kuukanikiza pakati pa mng'alu, ndipo mozungulira munali madindo a zala zawo. Simentiyo inali itauma tsopano.

Mwana wanga anakhala pansi m'matope momwemo. "Nikanankhala chabe zii, Bamami. Nikanabwela na shati monga bana ba benangu."

"Ukanankhala zii, nikanafela muno naine," ndinatero. "Nyamuka, unipatse polishi."

Anafuna kuugwedeza mwalawo kuti auchotse, koma ndinamugwira dzanja. Ndinagwada n'kupaka polishi kuyambira pakhomo mpaka pamzere womaliza, monga ndinkachitira Loweruka lililonse. Ndinkalira, ndipo ndinali ndikadawakwiyira, zonse pamodzi.

Anafika ndi bokosi cha m'ma teni, amuna asanu ndi mmodzi, a Kunda patsogolo, mathalauza atapinda, madzi m'mawondo. Amayi a chigwirizano ankaimba ataima pa matayala ndi miyala ya mumsewu. Analowa pakhomo, nadumpha kakhoma kotchinga madzi kaja, n'kuima, osadziwa poika, chifukwa mbali imodzi ya balaza inali thambo lokhalokha. Ndinawalozera. Analitsitsa motsatira mizere, mutu kumpoto, miyendo kumwera.

Malo otsalawo anali ochepa, moti ife ofedwa tinachita kupanikizana kukhoma. Koma bokosi linakwana, ndipo linagona pasimenti yawo.